Chitunda cha kwa Apongozi

Mkazi wanga tinamuika kwawo, kumapiri a ku Msakambewa, mvula ya February ili mkati. Anadwala masabata atatu okha. Titameta, abale ake anandiuza kuti mwana atsale. Ndi wamkazi, ndipo nthawiyo anali ndi zaka zinayi. Ananena mwaulemu: kuti ine ndimagwira ntchito, kuti m'nyumba mwanga ku Boma mulibenso munthu wamkazi, kuti ndiyambe ndapezako bwino. Sindinatsutse. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayi wake. Zimenezi ndinazidziwa ndisanapite ku koleji, ndipo koleji sinazisinthe. Ndinasiya chikwama cha zovala zake pakhonde, n'kubwerera ku Dowa ndekha.

Mwini mbumbayo ndi alamu anga, mlongo wa malemu. Amandiposa zaka zitatu. Amalima fodya ndi mtedza, ndipo thumba limene amuna awiri amalimbana nalo iwo amaliponya paphewa akucheza. Mwana wanga amawatcha atsibweni, mmene ana akumeneko amatchulira amalume awo. Sanandilakwirepo chilichonse. Pamaliro ndi iwo anandigwira mkono pamene dothi linayamba kugwera m'manda.

Kuti ufike kwa apongozi anga, njinga yamoto imakutula pa kamlatho ka mitengo, chifukwa kupitirira apo ndi miyala yokhayokha. Kuchoka pamenepo ndi chitunda. Mudzi uli pakatikati pa phiri, ndipo chigafa cha fodya ndi khola la mbuzi za alamu zili kumtunda kwenikweni. Mkazi wanga ankakwera chitundacho mwana ali kumbuyo, dengu lili pamutu, n'kukandidikira pamthunzi wa msuku.

"Bwana a mu ofesi, tikutumizireni ngolo?"

Ndinkafika ndili wefuwefu, n'kumaseka naye. Masiku amenewo mimba yanga inali ulemu wake. Azimayi a m'mudzimo ankati mwana wathu amadziwa kusamala mwamuna, taonani mmene wanenepera.

Ena chisoni chimawaondetsa. Ine chinandikhazika pansi. Ndinkachoka pampando wa mu ofesi n'kukakhala pampando wa kunyumba. Kuphika ndinasiya, ndinkadya tchipisi cha pachiwaya ndi mandasi. Lamba anafika pa bowo lomaliza.

Loweruka lililonse ndinkapita kukaona mwana, nditatenga buledi, sopo ndi shuga. Ndikafika ankanditulutsira mpando pakhonde ndi kapu ya madzi. Mwana ankabwera, kugwada chapatali, n'kundilonjera ngati mlendo wa ku mpingo.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

Ku Boma sankagwada. Ankandikwera ngati chulu, kundikoka makutu, kundipisa m'matumba. Tsopano ankalandira buledi ndi manja awiri, kuthokoza, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukaonetsa atsibweni ake. Kumeneko ndiye kunkakhala phokoso. Ine ndinkatsala pampando, kapu ili m'manja, ndikumvetsera mwana wanga akuseka ndi munthu wina.

Loweruka lina la mu May mbuzi ya alamu inali itaswa ana awiri. Tsikulo mwana anaiwala kugwada. Anabwera akuthamanga n'kundigwira chala.

"Tiyeni mukaone timbuzi! Kena n'kakuda, kena kavala sokosi."

Chichitikireni maliro kanali koyamba kundigwira mwa iye yekha. Ndinamunyamula, kumukhazika pamapewa, tinayamba kukwera kupita kukhola.

Sindinafike ngakhale theka. Chifuwa chinathina ngati achimanga ndi linya, miyendo inayamba kunjenjemera, m'maso mukuyenda tizinthu takuda. Ndinamutsitsa. Ndinati tione kaye maluwa awa, chonsecho panalibe duwa lililonse koma chisoso chouma. Ndinakhala pamwala.

Alamu anatipeza pomwepo, mtolo wa nsungwi uli paphewa.

"Pumani, alamu, mpweya wa kuno umadziwa eni ake," anatero akuseka. "Iwe, bwera kuno, abambo ako ali pa tchuthi."

Nsungwi sanazitule. Anawerama, kutola mwana ndi dzanja limodzi, n'kumuika paphewa linalo. Mwana anawagwira khutu kuti asagwe, anayamba kukwera. Mphepo inkachokera kumtunda, ndiye ndinamva zonse.

"Atsibweni, ababa akudwala ngati amayi?"

"Iyayi, angotopa."

"Amatopa masiku onse."

"Ndi mmene alili anthu a mapepala."

"Inu simutopa?"

"Ine ndinatopapo kamodzi ndili mwana. Sizinandisangalatse, ndinasiya."

Anasekera limodzi, ndipo m'kusekako ndinamvamo mkazi wanga kawiri. Iye ndi mlongo wakeyo ankaseka mofanana, ndipo mwana anatengera komweko. Pa anthu atatu amene ankaseka choncho panatsala awiri, onse ali pamwamba pa phiri, ine ndili pansi ndikuzula chisoso m'buluku. Timbuzito sindinatione tsikulo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinayamba kuthamanga chifukwa chofuna thanzi. Pakhoma la mu ofesi mwathu pali chipepala chonena za kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinkachiwerenga tsiku ndi tsiku podikira madzi a tiyi, osamvapo kanthu. Chimene chinandidzutsa ndi nsanje. Ndinkachitira nsanje mapewa a alamu. Ndinkachitira nsanje akatumba a miyendo yawo, ouma ngati mizu. Ndinkawachitira nsanje poti ndi iwo ankamuzula minga kuphazi, poti ndi iwo anandiuza kuti mwana wanga anasiya kudya therere. Lamlungu m'tchalitchi abusa akulalikira, ine ndinkaganiza za khutu lija. Sindinauze munthu aliyense. Wofedwa amaloledwa kulira, anthu amabwera kudzakhala naye. Wansanje amakhala yekha.

Lolemba ndinapita pa kaunjika kumsika n'kusankha nsapato zothamangira, ina yofwifwa kuposa inzake, ndi kabudula wakuda. Lachiwiri sindinadzuke. Lachitatu ndinadzuka, kuvala, kukhala pabedi kanthawi, n'kuvulanso. Lachinayi ndinadziuza kuti zinthu zotere zimayambika bwino pa tsiku loyamba la mwezi. Kunkazizira mmene kumazizirira ku Dowa, nkhungu itakuta mpaka nyumba ya aneba osaoneka. Lachisanu nditatsegula maso mawu aja anandipeza, akuti amatopa masiku onse, ndipo ndinangozindikira ndili panja ndikutseka chitseko.

Ndinathamanga kuchoka pageti mpaka pa mjigo. Munthu woyenda bwino amafikapo asanamalize ndime ziwiri za nyimbo. Pamenepo m'nthiti munabaya, malovu anawawa, ndinagwira maondo. Azimayi awiri otunga madzi anasiya kujiga.

"Bambo, kwagwanji?"

"Palibe, mayi."

"Nanga akuthamangitsani ndani?"

"Ndikungolimbitsa thupi."

"Ati akulimbitsa thupi," mmodzi anauza mnzake, ine ndili pomwepo. "Tiwasenzetse ndowa ziwirizi akatule kwathu, lilimba msanga."

Pobwerera ndinadutsa pasiteji. A kabaza anali atayamba kale kufika, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira.

"Bwana, kwerani! Thupilo tikalifikitsa komwe mukulithamangitsira!"

Tsiku lotsatira ntchafu zinauma. Kukhala pansi inali ntchito, kudzuka inali ina. Loweruka limenelo chitunda cha kwa apongozi ndinachikwera moipa kuposa kale lonse, ndipo alamu anandifunsa ngati ndagwa panjinga. Ndinati eya.

Pang'onopang'ono ndinapeza njira yanga, ya mapolo a magetsi. Ndinkathamanga mapolo awiri, n'kuyenda limodzi. Sabata yotsatira atatu, kenako asanu. Pakati pa mapolowo ndinkaika alamu patsogolo panga, mwana ali paphewa, n'kumawathamangitsa. Ndinaona kuti tsiku limene ndadzuka ndi mtima wabwino ndinkathamanga pang'ono, n'kubwerera msanga. Choncho nsanje ikazilala ndinkachita kuisonkhezera ngati moto. Ndinkakumbukira dala mmene anawerama osatula nsungwi. Ndinkawaikira m'kamwa mawu onyoza amene sananenepo. Munthu wopita ku tchalitchi, ndinkadziwa dzina la zimene ndinkachitazo, koma miyendo inkayenda.

Panali mayi wina wa thirakisuti yobiriwira amene ankandipitirira pa chitunda cha kumsika pafupifupi m'mawa uliwonse. Akamadutsa ankangoti, "Limbikirani, achimwene!" Basi. Nayenso ndinkamuchitira nsanje, poti ankatha kuyankhula akuthamanga. Ndinkayesa kumutsatira mapolo awiri kapena atatu, kenako ankazimirira m'nkhungu.

Panali masiku amene ndinkafuna kusiya. Bondo lakumanja linatupa sabata yathunthu, ndinkalithowa ndi madzi otentha. M'mawa wina ndinafika pa mjigo n'kukumbukira kuti munthu amene akanaseka kwambiri atandiona m'kabudulayo kulibe, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda. Koma Loweruka linkafika, ndinkakhala pampando uja n'kumva kuseka kuseri kwa nyumba, ndipo Lolemba ndinkadzuka popanda wondidzutsa.

Pofika July lamba anali atabwerera mabowo awiri. Ndinkakwera kuchoka pa kamlatho mpaka m'mudzi osaima, ndipo ndikafika ndinkayamba ndaimirira, osathamangira mpando, kuti mwana aone. Sanaone. Ankagwadabe chapatali. Tsiku lina ndinamuuza kuti tikwere kukhola, ndimunyamula. Anayang'ana kwa agogo ake, n'kuyankha kuti timbuzi tinakula.

Kumapeto kwa mwezi womwewo ankhoswe anga, mlongo wa mayi anga amene amakhala ku Chezi, anandipeza ku ofesi Lachitatu masana atavala jekete. Tinatuluka n'kukaima pamthunzi.

"Akuchikazi atiitana Loweruka," anatero. "Akufuna kukusudzula."

Kusudzula ndi pamene abale a malemu amamasula wotsalayo. Amamuuza kuti ukwati watha, pita, ukafuna kukwatira kwatira. Kawirikawiri amadikira kuti papite nthawi yaitali. Ife panali patangotha miyezi isanu.

"Mofulumira chonchi bwanji?"

"Funsa miyendo yakoyo. Wofedwa wa dzulodzuloli, kabudula pamsewu, ntchafu pamtunda, kumbuyo kwa mkazi wa buluku. Pamsika pano pali mayi wogulitsa tomato, kwawo ndi kutsidya kwa apongozi ako. Amafika kunja kusanayere bwino kudzagwira malo. Wakuona masiku onse."

"Ndimangolimbitsa thupi."

"Ukulimbitsira yani? Munthu akamanola khasu ndiye kuti waona munda." Anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati. "Iwo sanakwiye, usaope. Akuti mwamunayu akadali wamng'ono, tisamumange, angamachite zobisa n'kutichititsa manyazi tonse. Akukuchitira chifundo."

"Nanga mwana?"

"Mwana ali kwawo. Iwe uzipita kukamuona, monga amachitira anzako. Chaka choyamba Loweruka lililonse, chachiwiri pa Khirisimasi. Ndaona ambiri."

Ndinabwerera mu ofesi n'kumaliza kalata imene ndinkalemba. Lachinayi ndi Lachisanu sindinathamange. Ndinali nditathamanga miyezi iwiri kuti ndiyandikire mwana wanga, ndipo mapolo onsewo anali akundichotsa kwa iye.

Loweruka tinakwera chitunda limodzi ndi ankhoswe. Ndinawadikira kawiri. Atandipeza kachiwiri anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Ndiye ukane bwanji, ukukwera ngati mbuzi chonchi?"

Anatiyalira mphasa pafupi ndi nkhokwe. Mwana anali atamutumiza kukasewera kwa anzake. Apongozi anakhala chapatali atatembenukira kumbali, monga mwa mwambo. Chikwatirireni mwana wawo sitinayang'anizanepo m'maso. Alamu anavala malaya a ku tchalitchi, mabatani atatseka mpaka pakhosi. Titapemphera anayamba, akuyankhula kwa ankhoswe.

"Mawu athu ndi ochepa. Alamu athuwa anatisungira bwino mlongo wathu. Anamudwazika, anamuika, amulira. Ife tilibe nawo chifukwa. Tamva kuti thupi layamba kubwerera, ndipo tikuthokoza Mulungu. Sitikufuna kumanga wamoyo ndi chingwe cha wakufa. Ndiye tati tiwasudzule, aziyenda masana anthu akuona, osati kuzemba m'mamawa."

Ankhoswe anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Mawu abwino. Tamva."

Pamwambo wotere mwini nkhani sayankhula, amamuyankhulira ankhoswe. Ine ndinayankhula.

"Nanga mwana?"

Ankhoswe anandiponda chala.

"Mwana ali pakhomo pake," anatero alamu. "Njira mukuidziwa, palibe adzakutsekereni. Koma mwana wa mlongo wanga sangakaleredwe ndi mayi wa buluku lobiriwira amene sitikumudziwa."

"Inenso sindikumudziwa."

"Alamu."

"Zoona. Dzina sindilidziwa. Nkhope sindinaionetsetse n'komwe, ndimangoona msana ukupita."

Ankhoswe anatsokomola kubisa kuseka. Alamu sanaseke.

"Ndiye mumathamangiranji? Galu sakukuthamangitsani, minibasi simukuithamangira. Munthu wamkulu, wa tayi, wofedwa. Tiuzeni timve."

Ndikanatha kunena kuti adokotala anandilangiza. Bodzalo linali lokonzeka pakamwa, ndipo likanandisungira ulemu. Mwina akanasuntha tsiku la kusudzula. Koma mwana akanakhala pomwe anali, akugwada chapatali, ine ndili pampando ndi kapu ya madzi.

"Ndimathamanga chifukwa cha inu, alamu."

"Ine? Ndakutani?"

"Tsiku la timbuzi lija. Ine ndinalephera, inu munamunyamula pamodzi ndi nsungwi. Anakufunsani ngati ndikudwala ngati mayi ake. Ndinamva." Ndinkayang'ana mphasa, pamene panali bango lothyoka. "Ndimakuchitirani nsanje. Akamaseka nanu kuseri kwa nyumba, ine ndili pakhonde, mtima wanga umakudani. Palibe chimene munalakwa. Ndinkafuna kuti tsiku lina ndidzamufikitse pamwamba ndekha, aone kuti sindikufa. Mkazi sindikumufuna. Ndikufuna mwana wanga."

Sindinalire. Nkhuku inkapalasa pansi pa nkhokwe.

Amene anayamba kuyankhula ndi apongozi. Sanatembenuke.

"Ankhoswe, muwauze apongozi angawo kuti wolakwa ndine. Chibwerereni mwanayu kuno ndimamuphunzitsa kuti abambo ako pamudzi pano ndi akamwini, ndi anthu olemekezeka, uziwagwadira, usamawakwere ngati mmene unkachitira ku Boma. Ndiye tsiku limene anakhala pamwala lija ndinaona, ndinali pankhokwe pompano. Madzulo ake ndinamukalipira. Ndinati ukufuna kuwapha abambo ako? Mayi ako apita, ukufuna awanso apite? Ine ndinkati ndikuwasamala."

Ankhoswe anatembenukira kwa ine monga mwa ntchito yawo. "Akuti..."

"Ndamva."

Ndiye kuti masabata onsewo mwana wa zaka zinayi ankandisunga kuti ndisafe. Ankayang'ana agogo ake, n'kukana kukwera pamapewa anga.

Alamu anamasula batani la pakhosi n'kupuma kwambiri.

"Alamu, sukulu yonse ija, kulephera kunena kuti ndipatseni mwana ndimunyamule? Mpaka kukagula kabudula?"

"Mukanandipatsa?"

Anaganiza kaye. Ndimawalemekeza chifukwa sanathamangire kuyankha.

"Kunyamula, eya. Kutenga, ayi." Anathyola kaudzu n'kuyamba kukatafuna. "Musaganize kuti nsanje ili ndi inu nokha. Ineyo ndikamuona ndimaona mlongo wanga akadali wamng'ono. Likafika Lachisanu amayamba kufunsa kuti mawa ndi tsiku la ababa? Amakaima pamwala wa kuseri kwa tchalitchi kuyang'ana ku kamlatho. Ine ndiye ndimadwala mutu. Ndimamudyetsa sabata yonse, wina angobwera ndi buledi."

"Simunandiuzepo."

"Munafunsa? Mumangokhala pampando ngati wa boma wodzalemba mayina."

"Mpandowo mumanditulutsira ndinu."

"Nanga tikukhazikeni pansi, anthu ati tikuzunza mkamwini wamasiye?"

Ankhoswe anakweza dzanja. "Taimani. Ine ndavala jekete kudzasudzula munthu. Tsopano ndikuona amuna awiri akulimbirana mwana mmodzi ngati mitala. Tikambe zimenezo."

Tinakamba mpaka mthunzi wa nkhokwe unatichokera, tinasuntha mphasa, n'kupitiriza. Ine ndinapempha kuti mwana ndimutengeretu. Alamu anakana, ndipo sanabise chifukwa. Anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Lero ndikulumbira kuti mkazi sindikumufuna, koma ndili ndi zaka zochepa, ndipo zaka ziwiri zikubwerazi palibe akuzidziwa. Zinandipweteka, koma sindinathe kuwatsimikizira kuti akunama. Apongozi anafunsa, kudzera mwa ankhoswe, kuti ine ndikapita ku ntchito mwana adzamusambitsa ndani. Ankhoswe anati mchemwali wanga wamng'ono anamaliza sukulu, ali pakhomo, akhoza kubwera kudzakhala nafe.

Tinagwirizana chonchi. Kusudzula kudikire chaka chikwane. Mwana ayambe sukulu ya mkaka ku Boma mu September, azikhala ndi ine kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka, Lamlungu ndi tchuthi chonse azikhala kwawo.

"Sindinakupatseni, alamu, ndakubwerekani," anatero mwini mbumbayo potiperekeza. "February akafika tidzakhalanso pamphasa yomwe ija. Ndipo kabudulayo muzivala buluku pamwamba, mayi wa tomato apumeko."

Mwana anabwera mu September. Sabata yoyamba ankalira atsibweni ake madzulo aliwonse. Ndinkawaimbira foni, kumupatsa, ine n'kutuluka panja. Ndinamuuza kangapo kuti kuno sagwada, koma zinatenga nthawi. Ankayamba kupinda maondo, kukumbukira, n'kuima mokayika pakati pa chipinda. Chikwama chopita nacho kumudzi amalongedza Lachinayi. Aphunzitsi ake anandifunsa tsiku lina ngati ndine bambo ake enieni, poti mwana amati kwawo kuli mbuzi ndi chigafa cha fodya. Ndinati ndine. Nsanje sinathe. Ndimathamangabe m'mawa iye ali mtulo, mchemwali wanga ali m'nyumba, buluku lili pamwamba pa kabudula. Za February sindikudziwa.

Lachitatu lina la mu October ndinakamutenga kusukulu masana, nditavala tayi ndi nsapato za ku ofesi. Kunkatentha. Titafika pa msewu wotsikira kwathu anandisiya dzanja.

"Anti akuti mumathamanga m'mawa ine ndikugona."

"Eya."

"Bodza."

"Zoona."

"Thamangani ndione."

Pamsewupo panali anthu, ena a ku ofesi kwathu akupita kukadya. Ndinamulanda kachikwama ka kusukulu n'kukakolowekera pamkono. Tinathamanga, iye patsogolo, ine pambuyo, makiyi akulira m'thumba, tayi ikundimenya kumaso. Wina anakuwa kuti bwana kwapsa kodi, sindinatembenuke. Pageti anaima, kachifuwa kakukwera ndi kutsika, fumbi lili mpaka m'maondo.

"Atsibweni sathamanga," anatero. "Amangoyenda."

Ndinkadziwa kuti alamu atafuna akhoza kundisiya kutali ndisanawerenge n'komwe mapolo awiri. Sindinamukonze. Ndinatsegula geti, tinalowa. Loweruka ndinawauza alamu mawu amenewo ndisanakhale n'komwe pansi.